Make Mbuu, Mwana Mbuu, Bambo Ali Phee

Zotsatira za MSCE zikatuluka, abambo ambiri amasanduka akatswiri a magazi. Mwana akakhoza, bambo amadziguguda pachifuwa pagolosale: "Magazi anga amenewo, kwathu ndife a mitu." Mwana yemweyo akalakwa masamu, mwambi umasololedwa m'thumba: make mbuu, mwana mbuu. Zikuoneka kuti magazi a abambo amagwira ntchito pa tsiku la nthungululu lokha.

Chikhulupiriro chakuti munthu amabadwa ndi kanthu kobisika m'kati, kosasintha, kolamula zonse zimene adzachite, anzeru za filosofi amachitcha essentialism. Sichinayambire pagolosale. Aristotle wa ku Greece ankaphunzitsa kuti chinthu chilichonse chili ndi chibadwa chimene chimachipanga kukhala chimenecho. Mu 1758 Linnaeus wa ku Sweden, amene ankasanja zomera ndi nyama m'magulu, anapatsa mtundu uliwonse wa anthu khalidwe lake. Aafirika anatipeza aulesi. A ku Ulaya, kwawo kwa iye mwini, anawapeza ochenjera ndi otulukira zinthu. Angadabwe ndani?

Mu 1991 Susan Gelman ndi Henry Wellman ku America anafunsa ana a zaka 4 za mwana wa ng'ombe woleredwa ndi nkhumba: akadzakula adzalira bwanji? Ambiri anati adzalira ngati ng'ombe basi. Anawo analondola, poti nkhani inali ya ng'ombe. Chovuta n'chakuti ena amakula mpaka kumera imvi akuyeza anthu ndi muyeso womwewo, kenaka n'kupatsidwa ofesi ndi chidindo.

Ku South Africa lamulo la mu 1950 linalamula kuti aliyense alembedwe mtundu. Zikavuta, akuluakulu ankabaya pensulo m'tsitsi la munthu. Ikagwa, mzungu. Ikakanirira, pepani. Tangoganizani, boma lathunthu, la asilikali ndi mayunivesite, kukafunsa nzeru kwa pensulo! Sandra Laing, wobadwa mu 1955 kwa makolo achizungu, anachotsedwa pasukulu ya azungu mu 1966 chifukwa cha khungu ndi tsitsi lake. Boma linamusintha mtundu kangapo papepala. Chibadwa chosasintha chija chinkasinthidwa ndi kalaliki.

Kwathu kuno pensulo tilibe, koma pakamwa tili napo. Wakumpoto ndi wakuti, Mlomwe ndi wakuti, mkazi sangathe izi, banja lakutilakuti ndi la manja aatali. Chibadwa choipa nthawi zonse chimakhala cha ena. Chathu timachitulutsa pokhapokha pakafunika chodzikhululukira.

Mumvereni mkulu wina pachiwaya, botolo lili m'manja, adokotala atamuchenjeza kale za BP: "Achimwene, ine ndine Mngoni. Nyama ndi mowa zili m'magazi." Akulankhula izi m'Chichewa chosalala, Chingoni chake chimathera pa "Bayethe". Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo paulendo wonsewo ankatolera anthu a mitundu ina, Akalanga, Ansenga, Achewa, Atumbuka, n'kuwasandutsa Angoni. Mwina gogo wa mkuluyu anali Mnsenga wodzilimira mapira ake mwakachetechete, mpaka tsiku limene anamutenga.

Komabe tiyeni tivomere kuti magaziwo ndi enieni. Ndiye kuti ndi magazi osankha ntchito. Amamukakamiza kuitanitsa mbale ina ya kanyenya, koma za makolo aja amene anayenda wapansi kuchokera ku Natal, magaziwo ali duu. Mkuluyu popita kumsika, kuseri kwa nyumba yake komweku, amaitana kabaza.