Mexico Saonedwa Mothamanga

Makolo amene anati kuona maso a nkhono n'kudekha analibe pasipoti, koma mlendo wa masiku ano ankamudziwa bwino. Nkhono ukaigogoda imabweza mutu m'chigoba, iwe n'kupita kwanu ukulumbira kuti kanyamaka kalibe maso. Woona malo wa lero amachita zomwezo ndi mayiko athunthu. Amagula tikiti ya masiku 10, n'kutenga mndandanda wa malo 20 amene intaneti yamulamula kuti asafe asanawaone, kenako amathamanga foni ili m'mwamba. Pobwera amati dzikolo walimaliza. Tiyese khalidweli pa Mexico, dziko lokhala ndi anthu olankhula Chisipanishi ochuluka kuposa lina lililonse. Kalembera wa 2020 anapeza anthu 126 miliyoni, boma limavomereza zilankhulo za eni nthaka 68, ndipo Malawi angalowemo maulendo 16 malo n'kutsalabe. Zimene zili zofunika kuona m'dziko limeneli zimatuluka pa nthawi yake, ndipo wothamanga amabwerako ndi chigoba chokha.

Likulu lenilenilo limalanga wa phuma asanatuluke n'komwe pabwalo la ndege. Mexico City ili pamtunda wa mamita 2,240, choncho wothamangira basi amayamba wefuwefu ngakhale kwawo ali katswiri wa mpira. Akafika pabwalo lalikulu la Zócalo amajambula tchalitchi, n'kudzudzula dzanja lake kuti chithunzi chapendekeka. Dzanjalo lilibe mlandu. Mzindawu unamangidwa pamwamba pa Tenochtitlan, likulu la Aaziteki limene linali pachilumba cha m'nyanja ya Texcoco mpaka Hernán Cortés analigonjetsa mu 1521. Nyanjayo anaiumitsa, madzi apansi akupopedwabe, ndipo nyumba zikumira pang'onopang'ono m'dothi lofewa. Pafupi pomwepo, mu 1978, anthu a kampani ya magetsi akukumba anagunda mwala waukulu wosemedwa wa mulungu wamkazi Coyolxauhqui, ndipo kuchokera apo akatswiri anafukula kachisi wamkulu wa Templo Mayor. Eni mzinda anayenda pamwamba pa mwalawo zaka zoposa 400 osauona. Mlendo wathu waupatsa mphindi 15, kuphatikizapo yofunafuna chimbudzi.

Ku Chichén Itzá, m'chigawo cha Yucatán, Amaya anamanga piramidi ya makwerero 91 mbali iliyonse mwa zinayi, ndipo ukawonjezera nsanja ya pamwamba amakwana 365, masiku a chaka. Mu Malichi ndi Seputembala, usana ndi usiku zikalingana, dzuwa la madzulo limajambula mthunzi wa njoka yotsika m'mbali mwa makwerero mpaka kulumikizana ndi mutu wake wamwala pansi. Njokayo siiona wotchi ya dalaivala. Wofika 10 koloko m'mawa amaona miyala yotentha ndi ogulitsa zipewa. Kumapiri a Michoacán nkhani ndi yomweyo. Agulugufe a monarch amauluka makilomita pafupifupi 4,000 kuchokera ku Canada ndi United States, n'kudzaunjikana m'mitengo kuyambira Novembala mpaka Malichi. Kukazizira amangokhala duu ngati masamba ouma, dzuwa likawafunditsa m'pamene thambo lonse limasanduka lofiirira. Olondera amapempha alendo kukhala chete, lomwe ndi lamulo lowawa kwa munthu amene anabwera kudzafotokozera omutsatira pa Facebook. Asayansi anafufuza malowa zaka zambirimbiri mpaka anawapeza mu 1975, pamene anthu a m'midzi yozungulira ankawadziwa kalekale, poti iwo sankapita kwina kulikonse.

Umboni wolemera uli m'mbale, ndipo ukutikhudza ife odya nsima. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, kumene alimi anachiweta kuchokera ku udzu wa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Anthu a kumeneko samangochigaya. Amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa, n'kuchisiya usiku wonse, m'mawa n'kuchitsuka, kenako n'kuchipera kuti aphike tortilla. Kudikira kwa usiku umodziko kumamasula vitamini ya niacin imene thupi silingathe kuitenga bwino m'chimanga wamba. Azungu amene anafika m'zaka za m'ma 1500 anatenga mbewu n'kuthamanga nayo kuzombo, njira yophikira n'kuisiya pamoto. Zotsatira zake, matenda a pellagra anasautsa anthu osauka odalira chimanga chokha ku Spain, ku Italy, kummwera kwa United States ndi muno mu Africa. Azungu aja ndiwo alendo oyamba kuona Mexico mothamanga, ndipo bilu ya phuma lawo analipira ndi ena. Mdzukulu wawo lero amakhuthulira tequila kukhosi m'sekondi imodzi, osadziwa kuti chomera cha agave chimene amapangira mowawo chinakhala m'munda zaka zoposa zisanu chikukhwima.

Wina anganene kuti kudekha n'kwa olemera, ndipo ali ndi mwambi wake: mlendo ndi mame. Tchuthi cha kuntchito ndi masabata awiri, tikiti yadya ndalama za chaka, ndiye munthu akakhale pansi pa mtengo kudikira gulugufe? Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma masamu ake ndi olakwika. Wothamanga ndiye amawononga kwambiri, chifukwa theka la masiku ake limathera m'mabwalo a ndege ndi m'mabasi a usiku, akulipira kuti aone msana wa mpando wakutsogolo. Mwambi wa nkhono uja sukunena kuti ukhale chaka. Ukunena kuti usankhe nkhono imodzi. Masiku 10 ku Oaxaca kokha amakwanira kukwera ku mabwinja a Azapoteki a Monte Albán, kulawa msuzi wa mole umene umaphikidwa ndi tsabola wamitundumitundu ndi chokoleti, ndi kubwerera kumsika womwewo mpaka mayi wogulitsa ayambe kukuuza mtengo weniweni. Mame nawonso amanyowetsa pamene agwera, sayendayenda m'munda wonse.

Wina angatsutse mochenjera kuti Mexico mwiniwake amagulitsa liwiro, ndipo n'zoona. Cancún ndi mzinda umene boma linachita kuukonza m'zaka za m'ma 1970 kuti alendo azidzagona pamchenga. Choseketsa kwambiri ndi cha Día de Muertos, mwambo wokumbukira akufa pa 1 ndi 2 Novembala. Filimu ya James Bond ya 2015 inaonetsa chionetsero chachikulu cha zigaza m'misewu ya likulu, chimene kunalibe. Alendo anayamba kuchifuna, ndipo mu 2016 akuluakulu a mzinda anachiyambitsa. Izi sizigwetsa mwambi wa nkhono, zikungosonyeza kuti wogulitsa wanzeru akaona kuti wogula alibe nthawi, amamukonzera maso apulasitiki. Mwambo weniweni uli m'manda a m'midzi yozungulira nyanja ya Pátzcuaro, kumene mabanja amachezera usiku wonse ndi makandulo, maluwa ndi chakudya chimene malemu ankakonda. Kumeneko palibe pulogalamu, ndipo akufa safulumizidwa. Ngakhale nkhani ya chitetezo ikukomera wodekha. Zigawenga za mankhwala osokoneza bongo zilipodi m'madera ena, koma amene amadziwa msewu wosayenera kudutsa usiku ndi uja anakhala pansi n'kufunsa eni dera.

Choncho wokonzekera ulendowu atenge mndandanda wake wa malo 20, afufute 17, ndipo asamve chisoni. Piramidi ija inajambulidwa kale ndi anthu miyandamiyanda okhala ndi makamera abwino kuposa ake, ndipo palibe wachibale amene adzamuwerengere makwerero. Achibale ake funso lawo ndi limodzi, loti kumeneko anthu amadya chiyani. Ndi bwino adzayankhe ngati munthu amene anatafuna.