Pa Nathenje akufunsana: mwini ulendo ndani?

Masiku ano pasiteji ya Nathenje nkhani yakula ndi ya maulendo, ndipo aliyense wasanduka nduna ya zamtengatenga. Wowotcha chimanga ali ndi ndondomeko yake, wa kabaza nayenso yake, mpaka kondakitala amasiya kuwerenga ndalama kuti aponyepo mawu.

Adayambitsa ndi amayi ogulitsa tomato. Iwo akuti kuti munthu afike ku Mitundu pa galimoto, amakwera minibasi yolowera ku Lilongwe, n'kutsika pa Bunda Turn-off, n'kudikiranso ina yodutsa ku Bunda, kulipira kawiri, dengu nalo kawiri. Apo ayi, akwere njinga yamoto m'misewu yafumbi, imene nthawi ya dzinja imafuna mtima wolimba. "Achimwene, Mitundu ndi pafupi, koma mtengo wake ngati ndikupita ku Dedza," adatero mayi wina, siteji yonse n'kufa nacho chiseko.

Madala ena apabawo akuti mankhwala ake n'kubweza mabasi akale. Akukumbukira UTM, kenako Stagecoach imene idabwera mu 1989, ndi Shire Bus Lines yomwe idatha. Basi inkanyamuka pa nthawi yake, idzadze isadzadze, ndipo tikiti inali ndi mtengo umodzi kwa aliyense. Anyamata akuwayankha kuti: "Agogo, mwaiwala kuti ikakusiyani munkagona pasiteji!" Agogowo sakana, amangoseka n'kukankha njombwa.

Mphunzitsi wina wopuma ndiye adafika pamutu pa nkhani, powerenga ndi zala eni msewu. M1 amasamala ndi a Roads Authority. Ndalama za pachipata cha Kalinyeke, chomwe chidatsegulidwa mu 2022, amatolera ndi a Roads Fund Administration. Ziphaso za galimoto ndi madalaivala zimachokera ku nthambi yoona za pamsewu. Eni maminibasi ali ndi bungwe lawo la MOAM. Depoti ya m'tauni ili m'dera la khonsolo ya mzinda, pomwe Nathenje ndi Mitundu zili pansi pa khonsolo ya boma la Lilongwe. Atafunsa kuti pa onsewa amene amakhala pansi kukonza njira, nthawi ndi malo okwerera a anthu akumudzi ndani, palibe adayankha, kupatula mwana wogulitsa mandasi amene adati, "Ndi oitanira!" Anthu adamuwombera m'manja, chifukwa ngakhale boma lidaletsa oitanira mu 2006, iwo ndi amene amadziwa galimoto yotsala munthu mmodzi.

Madalaivala nawo ali ndi mfundo zomveka. Akuti mafuta akasowa amagona pamzere, Sienta zikuwalanda anthu, ndipo bwana madzulo amafuna ndalama yake yosaperewera. Akabaza akuti aphunzitsidwe ndi kupatsidwa ziphaso pamtengo woti angakwanitse, osati kumangothamangitsidwa.

Ine ndili kumbali ya aphunzitsi aja. Dziko lili ndi ndondomeko yaikulu ya zamtengatenga ya 2017 mpaka 2037, ndipo lamulo la maboma ang'ono la 1998 lidafuna kuti mphamvu zipite kwa anthu. Choncho makhonsolo awiri a Lilongwe akhazikitse komiti imodzi ya maulendo, momwe mukhale eni galimoto, akabaza, apolisi, mafumu ndi amayi a madengu. Makhansala athu, msonkhano woyamba mudzachititse pa Nathenje pompano, anthu ake ndi okonzeka kuyankhula.