Walira Mvula Walira Matope, Ngakhale Mvula ya M'kompresa

Makolo amene anati "walira mvula walira matope" sanaonepo kompresa, komabe ndi iwo okha amene anapereka malangizo osabisa mawu okhudza mfuti yothirira silikoni yoyendera mpweya. Otsatsa malonda amakamba za mphamvu, liwiro ndi kupepuka kwa ntchito, pamene mwambiwu umakamba zimene wogula amazitulukira yekha atafika kunyumba. Ambiri amaumva ngati ukuletsa munthu kulira mvula. Sichoncho, pakuti mlimi wosalira mvula ndiye kuti mutu wake sukuyenda bwino. Mwambiwu ukungoti mvula ndi matope zimagulitsidwa pamtengo umodzi, ndipo wolirayo ayambe wayang'ana ngati ali ndi munda woti mvulayo igwerepo. Mfuti ya mpweya ndi mvula yabwino kwa mmisiri wa ntchito yaikulu. Kwa bambo amene vuto lawo lonse ndi sinki imodzi yodontha, ndi matope okhaokha, ogula ndi ndalama zawo zomwe.

Kulira kwa amisiri kuli ndi chifukwa, tisawanamizire ulesi. Mfuti ya pamanja ndi yakale: Theodore Witte wa ku Chilliwack, m'chigawo cha British Columbia ku Canada, analembetsa chida chake chofinyira putty mu 1894, ndipo nzeru yake sinasinthe kwenikweni mpaka lero. Ukafinya chogwirira, kandodo kachitsulo kamakankha chivindikiro cha kumbuyo kwa chubu, zam'kati n'kumatuluka kukamwa. Mfuti zabwino zimachulukitsa mphamvu ya dzanja ka 18 kapena ka 26, koma chilengedwe sichipereka ulere: mphamvu ikachuluka, kandodo kamayenda pang'ono pa kufinya kulikonse, ndiye umafinya kambirimbiri. Ndipo paliponse pamene dzanja lapumira kuti lifinyenso, mzere umasiya kachotupa, moti munthu wodziwa ntchito angathe kuwerenga pakhoma nthawi imene mnzake anayamba kutopa. Tsono ganizirani wothira polyurethane wolimba ngati Sikaflex, amene amalimbanso kwambiri kukazizira, m'mipata ya simenti ya nyumba yosungiramo katundu, akumaliza matumba ake a 600 ml otchedwa masoseji, wina pambuyo pa mnzake kuyambira m'mawa. Pofika madzulo dzanjalo silingakunge ngakhale mbamu ya nsima. Munthu wotere akalira mvula, palibe womuseka.

Ndipo mvulayo ikabwera imagwadi. Mfuti ya mpweya, monga zimene amapanga a Cox ku England, kapena a Albion ku New Jersey, imakankha mosalekeza ndi mphamvu yofanana, ndiye mzere umatuluka wosalala kuchokera pakona mpaka pakona. Ndi yopepuka m'manja chifukwa ilibe injini kapena batire, ndipo sithetheka moto, n'chifukwa chake mafakitale okhala ndi mankhwala osachedwa kuyaka amaikonda. Koma mpweya sugwa kuchokera kumwamba. Pafunika kompresa, kompresa ifuna magetsi, ndipo pakati pa kompresa ndi mfuti pali paipi yaitali imene ili ndi maganizo akeake. Imakola makwerero, imagwetsa chitini cha penti, ndipo ikaona mzere watsopano wosauma imadzikhwekhwereza pomwepo. Chosangalatsa koposa n'chakuti pano mwambi uja umasiya kukhala fanizo. Mpweya umakhala ndi chinyezi, ndipo ukapanikizidwa kenako n'kuzizira, chinyezicho chimasanduka madzi pansi pa thanki. Opanga makompresa amaika kampopi pamenepo n'kulangiza kuti kazitsegulidwa kawirikawiri, chifukwa madziwo amadya chitsulo. Woiwala kwa miyezi akadzatsegula, chimene chimatuluka ndi madzi ofiirira osakanikirana ndi dzimbiri. Munthu wagula chida choti atsekere mvula kunja, ndipo chidacho chamupangira mvula ndi matope ake omwe m'galaja.

Matope achiwiri ndi aakulu kuposa amenewa, ndipo amachokera poti mfuti ya mpweya ilibe chifundo. Ya pamanja imakhululuka, chifukwa dzanja likakayika limaleka kufinya lokha. Ya mpweya imamvera kokha kachitsulo kopotokola koonjezera ndi kuchepetsa mphamvu. Zambiri zimalola mpaka 100 psi, pafupifupi 7 bar, koma silikoni wofewa wa m'bafa amafuna kachigawo kochepa chabe ka mphamvu imeneyo. Wongoyamba kumene amene walumikiza paipi osachepetsa, akangokhethemula amaona ndalama zake zikutuluka kukamwa kwa chubu mothamanga kuposa miyendo yake. Mfuti zina zilibe kandodo, mpweya umakankha chivindikiro mwachindunji, ndipo chubu chikakhala chophwanyika pang'ono mpweyawo umalowerera m'mbali n'kukatulukira kutsogolo ngati kuyetsemula, galasi lonse waa. Kupukuta kuli ndi nthawi yake, pakuti silikoni amachita khungu pakangopita mphindi zowerengeka, ndipo akauma penti sagwirapo. Komanso liwiro lonseli limathera pa kachigawo kakang'ono ka ntchito. Kupala zakale, kutsuka mafuta ndi fumbi, kudikira kuti mpata uume, kumata tepi m'mbali, zonsezi kompresa imangoonerera. Mpata waukulu umafuna kachingwe ka siponji kolowetsa m'kati, kuti kuya kwa silikoni kukhale pafupifupi theka la m'lifupi mwake ndi kuti agwire mbali ziwiri zokha, chifukwa akagwiranso pansi amang'ambika khoma likamafutukuka ndi dzuwa. Kuuma nako kuli ndi mayendedwe ake, mamilimita 2 kapena 3 pa tsiku, chifukwa amauma ndi chinyezi cha mumpweya kuyambira kunja kulowa m'kati. Palibe psi imene ingamufulumizitse.

Wotsutsa anena kuti zonsezi ndi zolakwa za munthu, osati za chida, ndipo akunena zoona ndithu. Ola limodzi loyeserera pa katoni, kuyambira mphamvu yochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, limachotsa theka la ngozi zimene ndatchulazi. Angawonjezenso kuti mfuti imeneyi imadya mpweya wochepa kwambiri, moti kompresa siilira kawirikawiri, ndiponso kuti kalipentala wokhomera misomali ndi mpweya kapena wopopera penti ali nayo kale kompresa ndi paipi. Ndikuvomereza zonse, ndipo zikundithandiza ine. Munthu amene ali kale ndi kompresa ndi munthu amene anagula kale nsapato za m'matope, mvula ina yoonjezera siimuopsa. Nkhani ili pa uyu amene akuyambira pa zero, ndipo masamu ake ndi achidule. Chubu cha 310 ml, pa mpata wa mamilimita 5 m'lifupi ndi 5 kuya, chimayenda mamita pafupifupi 12. Bafa, sinki ndi zenera limodzi sizichimaliza n'komwe. Kugula thanki, paipi ndi mfuti chifukwa cha mamita 12 pa chaka, kenako n'kuthera nthawi yambiri polumikiza ndi kukulunga paipi kuposa pothira, si kupulumutsa dzanja ayi. Dzanja limenelo silinadandaule. Amene anadandaula ndi mtima, utaona kavidiyo pa YouTube.

Palinso matope ena amene sachedwa kuiwalika chifukwa amaoneka patapita zaka. Chinthu chikakhala chosavuta kuthira, maso amayamba kuona mipata paliponse, ndipo si mpata uliwonse umene uli wolakwika. Pansi pa mafelemu a mazenera a aluminiyamu pamakhala timabowo totulutsira madzi, ndipo makoma ena a njerwa amasiyidwa ndi timipata dala pa chifukwa chomwecho. Mwini mfuti yatsopano, amene chubu chake chatsala theka ndipo kompresa ikadali yodzaza, amatiyang'ana ngati kusasamala kwa omanga, n'kutitseka bwinobwino, madzi n'kukhala m'kati mwamtendere. Kukhulupirira kwambiri zomatira kunawapwetekapo anthu a ku Vancouver, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera kwawo kwa Witte. Nyumba zambiri zosanja zimene zinamangidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zinadalira khoma lotsekedwa kunja kokha, lopanda njira yoti madzi olowa atulukire, m'dera limene mvula ndi mlendo wa tsiku ndi tsiku. Matabwa a m'kati anaola, eni nyumba analipira zokonzetsa zoopsa, ndipo mu 1998 boma la chigawocho linakhazikitsa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Dave Barrett, yemwe kale anali nduna yaikulu kumeneko. Mankhwala ake anali kusiya mpata kuseri kwa chophimba khoma kuti madzi azitsika n'kutuluka. Sindikunena kuti mfuti za mpweya ndizo zinaoletsa nyumbazo, zifukwa zinali zambiri. Ndikungoti chida chothira msanga sichifunsa ngati pamalopo panayenera kuthiridwa, ndipo cholakwa chimene dzanja likanachita pa mita imodzi, mpweya umachichita pa khoma lonse nthawi ya tiyi isanakwane.

Wotsala ndi mnyamata wamakono amene akuseka mbali zonse ziwiri atanyamula mfuti ya batire ya Makita kapena Milwaukee. Iye akuti wapeza mvula yopanda matope: palibe paipi, palibe thanki, liwiro amasankha ndi kagudumu, ndipo akasiya kukhethemula kandodo kamabwerera m'mbuyo pang'ono kuti silikoni asadonthe. Pa ntchito ya pamakwerero kapena padenga, iyeyu wapambanadi, ndipo amisiri ambiri a pamalo omanga asamukira kumeneko. Koma mfutiyo ndi yolemera padzanja lomwe lija timalimvera chisoni, mtengo wake ungagule mulu wa mfuti za pamanja, ndipo batire ya kampani ina nthawi zambiri siilowa m'chida cha kampani inzake, choncho wogula mfuti wakwatira banja lonse. Fakitale yothira kuyambira m'mawa mpaka usiku pa benchi imodzi, kumene mapaipi a mpweya anadutsa kale m'denga, siiona chifukwa chosinthira. Ndipo onse atatu, wa mpweya, wa batire ndi wa pamanja, akafika kumapeto kwa mzere amaika mfuti pansi n'kusalaza ndi kapulasitiki kapena chala, kenako n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku pofuna popukutira, pamene nsanza anaiiwala m'galimoto.