Ine ndi Bubka mtima ndi umodzi

Pa masewera onse a padziko lino, amene amandifika pamtima ndi aja olumpha ndi ndodo. Munthu wamkulu ndithu amanyamula ndodo yotalika mamita asanu, n'kuthamanga nayo, kuizika m'kabokosi kapansi, ndodo ija n'kupindika, kenako n'kumuponyera m'mwamba miyendo ili patsogolo kuti adutse pamwamba pa kamtengo kopingasa. Akadutsa amagwera pa matiresi. Akalephera amagweranso pa matiresi pomwepo. Masewera othera pa matiresi ine ndingadane nawo bwanji?

Komatu chimene chimandikoka kwambiri ndi malamulo ake. Palibe amene amakukakamiza kulumpha mulingo uliwonse. Ukaona kuti kamtengo akaika m'munsi, mosayenera munthu wa dzina ngati iwe, umangouza oweruza kuti apitirire, iwe n'kukagona pa kapinga anzako akukha thukuta. Lamulo lina ndi lakuti ukagwetsa katatu motsatizana watuluka, koma ukagwetsa kamodzi kapena kawiri umaloledwa kusunga mwayi wotsalawo kuti ukayesere pamwamba. Mwamva bwino, abale anga. Chaching'ono chikakukanika, umaitanitsa chachikulu. Amene analemba lamulo limeneli ayenera kuti ankandidziwa.

Mfumu ya zimenezi anali Sergey Bubka wa ku Ukraine. Mu 1991 mkuluyu ankaphwanya rekodi ya dziko lonse mwaumbombo: mamita 6.07 ku Shizuoka mu Meyi, 6.08 ku Moscow mu Juni, 6.09 ku Formia mu Julayi, 6.10 ku Malmö mu Ogasiti. Sentimita imodzi imodzi, poti rekodi iliyonse inali ndi kangachepe kake. Akanalumpha zonse tsiku limodzi akanalandira kamodzi. Pa moyo wake wonse anaphwanya rekodi maulendo 35. Inenso mfundo imeneyi ndimaitsatira: bwana osamuonetsa mphamvu zako zonse. Ine ndinaitsatira mwaluso kwambiri moti abwana amene ndinawagwirirapo ntchito mpaka lero sadziwa kuti ndili ndi mphamvu.

Kumapeto kwa Ogasiti womwewo kunali mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo. Bubka anapita atapambana kale ku Helsinki mu 1983, ali mnyamata wa zaka 19, ndi ku Rome mu 1987. Koma ulendo uno phazi linkamupweteka, ankalumpha atamubaya jakisoni wopha ululu. Dziko limene ankaliimira, Soviet Union, nalonso linkadwala mwakayakaya, moti masiku ochepa m'mbuyomo Ukraine anali atalengeza kuti wadziimira payekha. Munthu kuvala yunifolomu ya dziko limene likuphwasuka, phazi likumupweteka.

Anadikira mpaka kamtengo katafika pa 5.70, n'kulumpha bwinobwino, n'kukhalanso pansi. Anadzuka pa 5.90, kamtengo gwa! Apo n'kuti István Bagyula wa ku Hungary atadutsa 5.90 yemweyo, golide akumununkhira. Munthu wamba akanati ndiyesenso pomwe ndagwerapa. Bubka ayi, anati kwezani. Pa 5.95 anagwetsanso. Unatsala mwayi umodzi, ndipo akanagwetsa akanabwerera kwawo wopanda mendulo ngakhale ya chitini. Anathamanga, anazika ndodo, anadutsa. Golide wa Bubka, siliva wa Bagyula, ndipo Maksim Tarasov anatenga malo achitatu ndi 5.85.

Nkhani imeneyi ndi imene ndimayendera pa moyo wanga. Alamu anga atandipezera ganyu yopakira katundu mumsika, ndinawauza mwaulemu kuti, "Alamu, umenewo si mulingo wanga, apitirire anyamata." Anzanga atayamba kabaza ndinati ine ndilowa pa minibasi. Pano ena mwa iwo ali ndi njinga zamoto, wina wagula minibasi yomwe ndinkanenayo, ndipo ndikakwera amandikhululukira ndalama ya mpando chifukwa cha ubale wa kusukulu. Ine ndikadali pa kapinga, ndikutenthetsa thupi. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamene ndinaonetsa ukatswiri weniweni ndi ku banki m'khonde. Ngongole yaing'ono imene ndinatengera m'dzina la mayi akunyumba itandikanika kubweza, sindinataye nthawi n'kuyesanso pomwepo. Ndinasunga mwayi wanga n'kukatenga yokulirapo kwa mkulu wina wa katapila, kuti ndikadutsa pamenepo zonse zam'munsi zifafanizike. Ndi mmenenso zilili ku masewera aja: ukadutsa pamwamba, palibe amene amakufunsa za pamene unagwetsa.

Mayi akunyumba ndinawafotokozera zonsezi modekha, ndi manambala omwe. Anamvetsera akusankha nyemba. Ndiye anafunsa funso limodzi lokha: "Kodi abambo, Bubka wanuyo nzeru imeneyi inkamuyendera masiku onse?"

Akazi ali ndi mphuno yonunkhiza pamene nkhani yabisidwa. Chaka chotsatira, mu 1992, kunali Olimpiki ku Barcelona. Bubka anafika ali mwini rekodi, ali ndi golide wa ku Seoul wa 1988, aliyense akudziwa kuti enawo abwera kudzalimbirana malo achiwiri. Anakhala pansi monga mwa nthawi zonse mpaka 5.70. Anagwetsa. Anayesanso, anagwetsa. Anati kwezani. Pa 5.75 kamtengo kanamutsatira pa matiresi. Katswiri wa dziko lonse anatuluka m'bwalo asanadutse mulingo ngakhale umodzi, dzina lake lili pansi pa anthu amene tsiku lina lililonse akanamunyamulira chikwama. Golide anatenga Tarasov uja wachitatu ku Tokyo, ndi 5.80 chabe, mulingo umene Bubka ankaudutsa akuyasamula.

Ndinayankha kuti Barcelona inali tsoka la tsiku limodzi, ndipo mkuluyu anadzapambananso ku Stuttgart mu 1993, ku Gothenburg mu 1995, ndi ku Athens mu 1997 komwe analumpha 6.01 ali ndi zaka 33. Mipikisano ya dziko lonse isanu ndi umodzi motsatizana. Mayi aja anapeta nyemba zawo n'kunena kuti, "Iyeyo anali ndi Tokyo yoti aziloza. Inu chikwatiraneni ndi Barcelona yokhayokha."

Mkulu wa katapila uja wanditumizira uthenga kuti mwezi ukatha abwera kudzatenga matiresi. Choncho owerenga amene muli ndi ntchito ya mulingo wanga, ya ofesi yokhala ndi fani ndi mpando wozungulira, lumikizanani ndi akonzi a nyuzipepala ino lisanafike tsiku la 30. Za ganyu musavutike, ndinadumpha kale.