Ulemerero wa Batire Lokalamba la Galimoto ya Hybrid

Mwa katundu yense amene amalowa m'Malawi kudzera pa chipata cha Songwe, palibe chinthu chimene chimanyozedwa mopanda chilungamo kuposa batire lokalamba la galimoto ya hybrid, ndiko kuti galimoto yoyendera mphamvu ziwiri, ya injini ya petulo ndi ya mota ya magetsi, zimene zimathandizana kapena kulandizana ntchito malinga ndi liwiro komanso kukwera kwa msewu. Eni magalimoto amalitemberera, madobadoba amapewa kulitchula pokambirana mtengo, ndipo amakaniko amalisenzetsa mlandu wa matenda onse a galimoto, komabe munthu wolingalira mofatsa adzavomereza kuti batire limeneli ndi mphunzitsi wosatopa, amene wasandutsa anthu wamba ambiri kukhala akatswiri a zamagetsi, a zachuma ndi a kuleza mtima popanda kuwatengera m'kalasi.

Mtundu wa batire limeneli ndi wolemekezeka, pakuti unayamba kutchuka mu December 1997 pamene kampani ya Toyota inatulutsa Prius ku Japan, ndipo unafalikira kwambiri kuyambira mu 2011 pamene kunabwera Aqua, galimoto yaing'ono imene lero imapezeka paliponse m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Lamulo la ku Japan limafuna kuti galimoto ipimidwe ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo chifukwa kupima kumeneku, kotchedwa shaken, kumadya ndalama zambiri, eni ake ambiri amasankha kugulitsa galimoto zawo zikadali zowala. Motero batire limene latumikira kale zaka khumi kapena kuposerapo limakwezedwa m'sitima yapamadzi, limatsikira pa doko la Dar es Salaam, limadutsa ku Mbeya, ndipo limafika ku Karonga pa msinkhu umene wantchito wina aliyense akadakhala atapuma kale, koma ilo limayamba ntchito yatsopano mosadandaula.

Ukoma wake woyamba ndi umodzi. Batire la Prius ya m'badwo wachiwiri ndi wachitatu lili ndi timabokosi 28 totchedwa ma module, ndipo kalikonse kali ndi maselo 6 a mtundu wa nickel-metal hydride, kotero kuti onse pamodzi amapereka mavolti 201.6, pamene la Aqua ya m'badwo woyamba lili ndi ma module 20 opereka mavolti 144. Popeza timabokosi timeneti timalumikizidwa motsatizana, magetsi odutsa mwa kamodzi ayenera kudutsa mwa tonse, ndipo kamodzi kakafooka, tonse timatsika kuti tiyende pa mlingo wake. Palibe bungwe la anthu limene linafikapo pa chilungamo chotere, choti amphamvu 27 alolere kulamulidwa ndi wofooka mmodzi, mpaka galimoto yonse n'kuima pambali pa msewu pofuna kumulemekeza.

Ukoma wachiwiri, umene ndi waukulu koposa, ndi kusunga chinsinsi. Kompyuta ya galimoto simalola kuti batire lidzaze kotheratu kapena kuphwa kotheratu, koma imalisunga pafupifupi pakati pa 40 ndi 80 peresenti ya mphamvu zake, ndipo nzeru imeneyi, imene imatalikitsa moyo wake, imabisanso ukalamba wake kwa nthawi yaitali. Pepala la kumsika wa okushoni ku Japan, limene limapatsa galimoto giredi monga 3.5, 4 kapena 4.5, ndi chilembo R ngati inakonzedwapo itachita ngozi, limafotokoza mikwingwirima ya penti, kupindika kwa chitseko ndi kung'ambika kwa mipando, koma kawirikawiri silinena mphamvu imene yatsala m'batire. Nawonso makilomita olembedwa pa dashibodi sathandiza mokwanira, choyamba chifukwa manambala amatha kubwezedwa m'mbuyo ndi anthu a manja aluso, chachiwiri chifukwa batire limakalamba ndi zaka, ndi kutentha, ndiponso ndi kukhala miyezi yambiri osagwira ntchito, kotero kuti galimoto yoyenda pang'ono imene inangokhala pa doko ingakhale yodwala kuposa imene inkayenda tsiku ndi tsiku. Akale anachenjeza za chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, koma sanaone kuti nyererezo n'zimene zimaphunzitsa munthu kuswa chipatso asanadye, ndipo n'zoyenera kuthokozedwa pa ntchito imeneyo.

Maphunziro amene batire limapereka kwa wogula ndi ozama ndithu. Munthu amene kale ankagula galimoto pomenya tayala ndi phazi ndi kumvetsera wailesi yake, tsopano amadziwa za kachipangizo kolumikiza pa bowo la OBD2, lomwe lili pansi pa chiwongolero, kamene kamatumiza ku foni mavolti a magawo 14 amene kompyuta ya Prius imayang'anira, gawo lililonse likhala ma module awiri. Amadziwa kuti magawo amenewa ayenera kukhala pafupifupi ofanana, ndi kuti gawo limene limagwa msanga galimoto ikamakwera chitunda n'kukweranso msanga ikamatsetsereka ndilo lodwala. Amadziwanso kuyang'ana timizere ta batire pa dashibodi, chifukwa tikamadzaza ndi kutha m'kanthawi kochepa ndiye kuti mosungira mwachepa, ndipo amatchera khutu kuti amve ngati injini ikukana kuzima pa maloboti kapena ngati fani yakumbuyo ikulira mosalekeza. Kuti nzeru zonsezi zimafika kwa ambiri ndalama zitatumizidwa kale ndi msonkho wa MRA utalipidwa kale, si vuto la mphunzitsi, pakuti sukulu iliyonse yabwino imafuna fizi ophunzira asanalowe.

Ukoma wachitatu ndi kukonda ukhondo. Batire limaziziritsidwa ndi fani imene imakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa timabowo ta pafupi ndi mpando wakumbuyo, ndipo mpweya umenewu ukadzaza fumbi la misewu yadothi ya m'chilimwe, gaga wa kuchigayo ndi ulusi wa zitenje, fani imatsekeka, kutentha kumakwera, ndipo maselo amapsa pang'onopang'ono, makamaka m'madera otentha monga Nsanje, Chikwawa ndi Salima mwezi wa October. Mwini galimoto amene sanasesepo ngakhale khonde la nyumba yake amapezeka akupukuta timabowoto mwaulemu, ndiponso akuletsa achibale kuikapo thumba la chimanga, zimene alangizi a zaukhondo akhala akulephera kukwaniritsa kwa zaka zambiri.

Pa nkhani ya chuma, batire lokalamba limaonetsa nzeru zimene ngakhale banki m'khonde singafikepo. M'zaka za 2022 ndi 2024, pamene mizere ya magalimoto ndi zigubu inkagona pa malo omwetsera mafuta, mwini hybrid ankadutsa monyadira, chifukwa galimoto yake imazimitsa injini ikaima, ndipo pogwira buleki mota imasanduka jenereta yobwezera mphamvu m'batire, zimene zimasunganso mabuleki kuti asathe msanga. Ndalama zopulumutsidwa motere zikanatha kuwonongedwa pa zinthu zachabe, koma batire limazisonkhanitsa mwakachetechete, ndipo tsiku lina limayatsa chizindikiro chochenjeza, chimene pa Prius yakale ndi chofiira cha ngodya zitatu, n'kulemba nambala P0A80, imene tanthauzo lake ndi lakuti batire lonse lisinthidwe. Popeza batire limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ambiri amasankha kusintha module imodzi yokha yochotsedwa m'galimoto ina yakufa, ndipo chifukwa ma module otsalawo ndi a msinkhu umodzi ndi imene yafa, posakhalitsa ina imatsatira. Mwanjira imeneyi chuma chimagawidwa mwachilungamo kwa makaniko, wogulitsa zipangizo, wokoka magalimoto owonongeka, wa katapila, ndi mnyamata wa kabaza amene amanyamula bwana masiku onse amene galimoto ili ku galaja.

Otsutsa anganene kuti chinthu chosautsa chotere sichiyenera kutamandidwa, koma amaiwala kudzichepetsa kumene batire limasenza nako milandu ya ena. Galimoto ikakana kulemba READY pa dashibodi m'mawa, kawirikawiri wolakwa amakhala batire laling'ono la mavolti 12 limene limadzutsa makompyuta. Prius ya m'badwo wachitatu ikamanjenjemera poilizitsa, mlandu umakhala wa mwaye wotseka njira ya EGR, imene imabwezera gawo la utsi mu injini, kapena wa gasketi yopsa. Ndipo ikayamba kubangula usiku umodzi wokha, ndiye kuti akuba adula catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi chimene chili ndi zitsulo zamtengo wapatali monga platinum, palladium ndi rhodium. Pa zonsezi batire lalikulu limatukwanidwa osayankha, ndipo ulemu umodzi wokha umene limaumirira ndi woti mawaya ake a mtundu wa lalanje asagwidwe ndi munthu wosaphunzira, chifukwa mavolti ake angathe kupha.

N'zoona kuti pali njira yozembera maphunziro onsewa, yomwe ndi kupima batire ndi kachipangizo ndalama zisanatuluke m'thumba, kuyendetsa galimoto pa chitunda kwa nthawi yokwanira, kuyang'ana fumbi la mu fani, kufananiza makilomita ndi zikalata za ku Japan, ndi kuchotseratu mtengo wa batire lina pa mtengo umene wogulitsa watchula. Ogula onse atati achite zimenezi, dziko likanataya akatswiri ambiri ndipo magalaja akanasowa chochita, koma palibe chifukwa chodera nkhawa, pakuti malinga ngati penti yowala ndi mtengo wotsika zikupitiriza kukopa maso msanga kuposa mavolti, sukulu ya batire lokalamba sidzasowa ophunzira atsopano chaka chilichonse.