Chipinda cha ana chautsa mkangano mu Lilongwe

Sabata ino, kuyambira m'minibasi za ku Area 25 mpaka m'masaluni a ku Kawale, nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya chipinda chogona ana. Anthu akufunsana kuti angachikonze bwanji kuti mwana akamasinkhuka asamabwerere kwa kalipentala chaka ndi chaka.

Amisiri a ku Mchesi ndiwo akufa nazo ndi phwete. Akuti makolo a mwana woyamba amafika ndi chithunzi cha pa Facebook, kabedi kokhomedwa ngati galimoto, kofiira psuu, matayala ndi chiwongolero zili pompo. Pakangotha zaka zitatu, dalaivala uja miyendo yatulukira kunja, galimoto yasanduka mosungira zovala zakale. Iwo akuti khomani kamodzi bedi lokwana munthu wamkulu, la mlombwa kapena mbawa ngati thumba likulola, apo ayi la paini wa ku Chikangawa. M'mbali muikemo thabwa lotchinga lomanga ndi mabawuti, kuti mwana akasiya kugubuduka usiku mungolimasula.

Amayi ochokera kusikelo akuti zonsezo nzabwino, koma khanda lisaiwalike. Ligone chagada pamatiresi olimba, popanda mapilo ndi zidole, ndipo mipata ya timatabwa ta kabedi kake isapitirire masentimita 6 kuti mutu usalowemo. Akuwonjezanso kuti musanaganize za maluwa a pakhoma, yambani mwapeza pomangirira neti, poti udzudzu sufunsa zaka.

Ya dabulodeka ndiye yafika mpaka pabwalo la bawo. Bambo wina akuti chigulireni bedi losanjikizali wasanduka woweruza milandu, aliyense mwa ana ake akulirira pamwamba. Anzake amuuza kuti mlanduwo madokotala anagamula kale: wosakwana zaka 6 agone pansi. Komabe onse agwirizana kuti dabulodeka yabwino ndi yotheka kuiphwasula n'kukhala mabedi awiri, chifukwa tchuthi chikafika, asuweni ochokera ku Dedza ndi ku Kasungu sasowa.

Nanga utoto? Ku Chilinde akuti mtsikana wina atafika Fomu 2 anakanitsitsa kulowetsa anzake m'chipinda cha pinki chomwe mayi ake anachinyadira mwanayo ali kumsana. Okhala m'nyumba za lendi akuti iwo analangizidwa kale ndi alandilodi: khoma likhale loyera, zosintha zikhale makatani, zofunda ndi zitenje. Zimenezi sizilira ndalama zambiri, ndipo posamuka zimalowa m'thumba limodzi.

Agogo obwera kudzacheza m'tauni akungogwedeza mutu, kumwetulira. Akuti kumudzi nkhaniyi inatha kalekale: mnyamata akasinkhuka ankapita kumphala kapena kugowelo, atsikana n'kumagona kukuka kwa agogo awo. Mfundo yawo ndi yolemera. Nthawi imafika yoti mlongo ndi mlongo wake asagonenso malo amodzi, choncho womanga nyumba aganizire msanga pomwe adzadutse khoma kapena pulayiwudi yogawa chipinda. M'mera mpoyamba.

Aphunzitsi nawo sanafune kutsalira. Akupempha tebulo pafupi ndi zenera, lomwe lero mwana ajambulirepo, mawa awerengerepo mayeso a Sitandade 8, mkuja a Fomu 4, pambali pake nyali ya sola yothandiza magetsi akazima. Mashelefu ayambire m'munsi momwe kadzanja kangafike, n'kumakwezedwa mwana akamatalika. Wadiropu imangiriridwe kukhoma, chifukwa ana amakwera chilichonse chokhala ndi madirowa.

Pa onsewa, amene safunsidwa kawirikawiri ndi eni chipinda. Mukawatchera khutu, zofuna zawo nzochepa: pokhoma chithunzi cha Temwa Chawinga kapena cha timu yawo, kaya Bullets kaya Wanderers, kabokosi kosungira zinthu zawozawo, ndiponso, akafika pa msinkhu, kuti olowa aziyamba agogoda. Makolo anzanga, musanapite ku Mchesi ndi ndalama m'manja, khalani pansi ndi mwanayo mumve maganizo ake. Adzagonamo zaka zambiri ndi iyeyo.