Njoka Yanu Igone Potani? Malangizo kwa Amene Mwatopa ndi Agalu

Amene mwaganiza zoweta njoka, tikuyamikeni kaye. Siuwa usiku, siiba usipa, siyambanitsa ndi aneba. Kwathu kuno zikadziwika kuti muli nayo m'nyumba, nkhani imakathera kwa amfumu, ndipo funso limakhala limodzi: ndalama zimene imakubweretseraniyo zili kuti? Ku London, ku Texas ndi ku Johannesburg zimayenda chafutambuyo. Kumeneko njoka ndiyo imadya ndalama za mwini wake, ndipo zina zimathera pa nkhani imene imakanganitsa anthu ophunzira bwino mpaka kusalankhulana: pansi pa bokosi lake lagalasi payalidwe chiyani?

Yambani mwadziwa mlendo wanu. Yotchuka kwambiri ndi ball python, kansato kofatsa kotalika mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono, kamene kakachita mantha kamadzipiringiza n'kubisa mutu pakati. Zambiri zimachokera ku Ghana, ku Togo ndi ku Benin. Kumeneko kamagona mu una wa makoswe kapena m'chulu chakale, opanda woyala, opanda wosesa. Ku Ouidah, m'dziko la Benin, kuli ngakhale kachisi wa nsato zimenezi, ndipo zimangogona pansi, zounjikana, osadandaula. Koma kakangokwera ndege, basi kasanduka bwana. Kafuna mbali imodzi ya bokosi itenthe madigiri 31 kapena 32, mbali inayo izizirepo, chinyezi chikhale cha m'ma 60 peresenti, ndipo inu, munthu wamkulu wa ana anu, muzidzuka m'mawa kukawerenga kachipangizo koyezera chinyezi musanasambe m'maso.

Ngati mwaigula mwangozi ndipo mukufuna ichoke msanga padziko, pitani kwa kalipentala mukatenge zopala za mkungudza kapena za paini wosawumitsidwa. Zimanunkhira bwino, nyumba yonse imamveka ngati shopu ya mipando yatsopano. Fungo lokomalo ndi mafuta amene mtengo umadzitetezera nawo ku tizilombo, ndipo njoka, imene mphuno yake imakhala m'zoyalazo usana ndi usiku, imawapuma mpaka kuyamba kulira mluzu popuma ndi kutuluka thovu kukamwa. Zambiri mwa njoka zimadalira phapo limodzi, ndipo sizitha kutsokomola. Dokotala wa ziweto akadzakuuzani mtengo wa jakisoni, mudzatsokomola ndinu.

Njira ina yachidule ndi mchenga. Maganizo ake ndi omveka: njoka ndi ya ku Africa, ndipo kwa anthu ambiri a ku Ulaya Africa yense ndi chipululu chimodzi chachikulu. Ndiye thirani mchenga, muike ndi chigaza chapulasitiki cha ng'ombe kuti ziwoneke zenizeni. Njokayo ikamameza mbewa imameza ndi mchenga womwe, wina umalowa m'mphuno ndi pansi pa mamba, ndipo chinyezi chimathawa. Ilipo njoka yokonda kudzikwirira m'dothi louma, Kenyan sand boa, koma imeneyo ndi ina, ndipo mukaiyalira zimene imafuna mudzakhala mukuweta bokosi looneka lopanda kanthu, n'kumauza alendo kuti akhulupirire kuti ilimo.

Za mbewa ndinenepo pang'ono, poti zimandipweteka. Njoka zowetedwazi zimadya mbewa zogula m'sitolo zitaumitsidwa ndi chisanu. Zimasungidwa mufiriji, pafupi ndi nkhuku ya Lamlungu. Mwini amatulutsa imodzi, kuiviika m'madzi ofunda, kuigwira kumchira ndi chopanira chachitali, n'kumaivinitsa pamphuno pa njoka kuti iwoneke ngati yamoyo. Njokayo imatha kuyang'ana kumbali n'kukana, mwina kwa miyezi ingapo, makamaka nyengo yozizira. Mbewa yonona chonchija imatayidwa m'bini. Achimwene amene mukugwira ntchito m'nyumba zoterezi, dzigwireni mtima, musaipemphe.

Tibwere ku zoyala zimene sizipha. Zopala za aspen, mtengo wa kumaiko ozizira, n'zabwino kwa corn snake, kanjoka kofiirira ka kum'mwera chakum'mawa kwa America kamene kamakonda kufukula ndipo sikafuna chinyezi chambiri. Koma aspen ukanyowa umachita nkhungu msanga. Choncho kwa ball python anthu amasankha makoko a kokonati oduladula kapena makungwa a cypress, zimene zimasunga chinyontho osawola msanga. Makoko a kokonatiwo amabwera ataumbidwa ngati njerwa. Mumaiponya m'ndowa yamadzi, n'kuiona ikufufuma mpaka kudzaza ndowa. Ambiri amachokera ku India ndi ku Sri Lanka. Taganizani: njoka ya ku Togo, m'nyumba ya ku Manchester, yagona pa zinyalala za ku Colombo zimene zawoloka nyanja pasitima, ndipo mwini wake akunena kuti akufuna izimva ngati ili kwawo.

Apa pali msampha. Mukaumitsa kwambiri, njoka imalephera kufundula bwino: chikopa chimachoka zigambazigamba, china chimatsalira m'maso ndi kunsonga kwa mchira. Mukanyowetsa kwambiri, mamba a pamimba amayamba kufiira ndi kuwola. Ndiye pansi pakhale ponyowa, pamwamba pouma, kuzama masentimita osachepera 5. Tengani zodzaza dzanja, mufinye. Akadontha madzi, mwapyola. Ntchito imeneyi muichite nokha chitseko chili chotseka, chifukwa munthu wofinya zinyalala m'manja kwinaku akuyang'ana njoka savuta kumuganizira.

Tsopano chinsinsi chimene ogulitsa sakonda kuti muchidziwe: nyuzipepala yakale imagwira ntchito. Amene amasunga njoka zambiri zogulitsa, ambiri amayala mapepala. Njoka yatsopano kapena yodwala imayenera kukhala papepala loyera kwa milungu ingapo kuti muone ngati ili ndi utitiri wa njoka, timadontho takuda toyenda tomwe timayamwa magazi, komanso kuti chimbudzi chake chizioneka bwino. Vuto la nyuzipepala ndi limodzi lokha: siioneka bwino pa Facebook. Njoka yokha ilibe nazo kanthu. Ikhoza kugona pa nkhani ya bajeti sabata yonse, n'kuichita zimene ambirife timangolakalaka.

Kapeti wobiriwira wofanizira udzu musiyeni m'sitolo momwemo. Amamwa mkodzo, amasunga fungo, ndipo wochapa mudzasowa.

Amene ndalama zikukuyabwani, pali njira yapamwamba yotchedwa bioactive. Mumaika dothi, masamba ouma ndi zomera zamoyo, kenako mumagula tizilombo tating'ono toti tizidya nkhungu ndi zonyansa. Inde, mumagula. Timabwera m'kachitini, ena amaitanitsa papositi, ndipo nato timafuna chisamaliro: tisaume, tisamire, tisafe ndi njala. Munayamba ndi chiweto chimodzi, tsopano muli ndi mazana, ndipo ball python, poti ndi yolemera, imathyola zomera zonse usiku woyamba n'kukadzipanikiza m'kamphika kamdima pakona, mmene izikhala mpaka mawa usiku. Mwamanga chulu cha mtengo wa njinga yamoto.

Zilizonse zimene mwasankha, pomwe yachita chimbudzi muzichotsa tsiku lomwelo, ndipo zoyala zogula muzisintha zonse pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Muzolowere, chifukwa ball python yosamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30, zina kupitirira. Ngati muli ndi zaka 55, lembanitu mu wilo dzina la wodzasintha makoko a kokonati. Zikalata za nyumba ndi makiyi a galimoto muzisunge pansi pa mbale yake yamadzi, kuti achibale odzathamangira chuma pamaliro adzayambire kumeneko.